Anandimanga ndi chingwe cha netiweki yanga yomwe

Ku ofesi kwathu ku Limbe intaneti inali ndi chizolowezi chofa m'mawa, koma osati tsiku lililonse. Lero ili bwinobwino, mawa cham'ma 7 koloko zii. Ikanakhala kuti vuto lili pa mzere wakunja, bwenzi ndikungoimbira foni otigulitsa intaneti n'kumagona tulo. Koma chinkafa chinali chathu chomwe: kadesikitopu kakale ka Linux kamene kamalumikiza ofesi yonse ndi kunja, kaja timati getiwe. Kamakhala pansi pa tebulo m'kachipinda kosungiramo mafaelo akale ndi matsache. Ukathamangirako umapeza fani ikukuwa, kiyibodi siikuyankha, ndipo pa sikirini pali uthenga wobwerezabwereza: soft lockup, CPU#0 stuck for 22s. Uthenga umenewu kernel, mtima wa Linux umene umayendetsa makina onse, imaulemba ikaona kuti purosesa yakodwa m'kati mwake kwa masekondi opitirira 20 osapereka mpata ku ntchito ina. Mankhwala anali amodzi: kugwada, kudina batani, kudikira kadzuke, n'kutuluka ukusasa fumbi m'mawondo anthu akukuponyera maso.

Ine ndine wa IT pamalopo, ndiye kuti ngakhale ketulo ikafa amaitana ine. Koma getiweyo sindinaikhazikitse ndine. Ndinaipeza, pamodzi ndi kamodyulo kakang'ono, kapulogalamu kolowetsedwa m'kati mwa kernel, kamene analemba mkulu amene ndinalowa m'malo mwake, asanalowere ku Johannesburg. Ntchito ya kamodyuloko inali yomveka. Uthenga pa netiweki umayenda m'timaphukusi totchedwa mapaketi, kukula kwake amayeza mu ma byte, ndipo mzere wathu ndi wa mtundu wotchedwa PPPoE, umene umadya ma byte 8 pa paketi iliyonse, choncho pamene ena amanyamula 1500 ife timathera pa 1492. Kompyuta ikamayamba kulankhula ndi inzake pa TCP, ndondomeko imene makompyuta amatsatira potumizirana uthenga, imatumiza paketi yotchedwa SYN, ndipo m'menemo imanena kukula kwa zidutswa zimene ingalandire, MSS. Zambiri zimati 1460. Kamodyuloko kankagwira SYN iliyonse yotuluka n'kutsitsa nambalayo kufika 1452, kuchotsapo 8 uja, kuti mawebusaiti asamaime pakati potseguka. Kanagwira ntchito mwakachetechete mpaka aliyense anakaiwala. Mwini wake ndinamulembera pa WhatsApp. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, yankho ndikudikirabe.

Amene anayamba kugwira mfiti anali a akauntanti. Anandikokera pakhonde n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, inu sukulu munapita, sitikukana. Koma zina si za m'buku. Tayang'anani nokha: akangofika amayi a tiyi aja, zimazima."

Ndinaseka mpaka kugwira khoma. Kenako ndinayamba kuyang'anitsitsa, ndipo kuseka kunandithera. Amayiwo akalowa, pasanathe mphindi ziwiri fani yayamba kukuwa. Sabata imene anapita kumaliro ku Thyolo, intaneti sinatsokomole n'komwe.

Pa ofesi nkhani siigona. Anthu anayamba kubwera ndi tiyi wawo m'mafulasiki, amayiwo n'kumadabwa kuti bwanji shuga sakutha. Tsiku lina ndinapeza a sekilitale ali m'kachipinda muja, kabotolo ka madzi odalitsidwa kali m'manja, akuloza ndendende pa fani ya pawa sapulayi. Ndinawagwira dzanja madontho oyamba atagwera kale pa nsapato yanga. Madzulo ake abwana anandiitana. Lachinayi 8 koloko kunali msonkhano wa pa Zoom ndi anthu a ku London.

"Ikazima tili m'kati," anatero, "wina achoka pano. Kaya ndi inu, kaya ndi bokosi lanulo, kaya ndi amayiwo, musankha nokha."

Ndinafunika kuona ndi maso anga paketi yomaliza imene inkalowa m'getiwemo isanakomoke. Kuyendetsa tcpdump, pulogalamu yolemba mapaketi odutsa, pa makina omwewo sindinakukhulupirire, poti wodwala sangalembe yekha za imfa yake. Switchi yathu, bokosi lolumikiza zingwe za makompyuta onse a mu ofesi, ndi yotchipa, ilibe njira yokopera zodutsa n'kuzitumiza pa doko lina. Ndiye ndinaganiza zoika laputopu yanga pakati: chingwe chochokera ku switchi chilowe pa doko lake, china chituluke pa adaputala ya USB kupita ku getiwe, madoko awiriwo ndiwalumikize, tcpdump izilemba chilichonse chodutsa. Amayi a tiyi amafika anthu onse asanafike, ndipo minibasi ya kwathu siidziwa nthawi. Ndinasankha kugona pomwepo Lachitatu usiku, osauza munthu, chifukwa a akauntanti akanamva akanabwera ndi mpingo wonse kudzaonerera.

Chimene sindinadziwe n'chakuti kampani ya alonda inali itatisinthira munthu sabata yomweyo.

Mbandakucha ndinadzuka pa makatoni, khosi litauma, n'kuona kuti chingwe chimodzi chinali chachifupi, chikukoka laputopu m'mphepete mwa tebulo. Ndinapita ku sitolo ya kumapeto kwa khonde kukatenga mpukutu wa chingwe cha Cat5. Magetsi sindinayatse, ati kuti ndisadzidzimutse alonda. Ndinangoyatsa tochi ya pafoni, mpukutu paphewa, n'kumayenda chonyang'ama kudutsa pawindo lalikulu la kutsogolo.

Wenzulo inalira. Ina inayankha kuchokera ku shopu ya matayala, ina ku malo ogulitsira simenti. Ndisanaganize zoti ndichite, chitseko chakumbuyo chinatseguka, tochi yaikulu m'maso mwanga, chibonga m'mwamba. Pobwerera chambuyo thumba la buluku linakola chogwirira cha kabati ya mafaelo, n'kung'ambika kuchokera m'chiuno mpaka pabondo.

"Madala, pepani, ndine wa pano! Ndine wa makompyuta!"

"Eya, taona kuti ndiwe wa makompyuta. Khala pansi."

Chitupa changa chinali m'jekete, jekete ili mu ofesi ya abwana imene ndinaiwala kuti imakiyidwa. Foni anailanda ngati umboni. Posowa chingwe chomangira, mmodzi wa alonda oyandikana nawo anatenga mpukutu womwe uja paphewa panga. Ndikuuzeni monga munthu wodziwa ntchito yake: Cat5 ili ndi timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo siiduka ukamakoka. Anandikhazika pakhonde la kunja, manja kumbuyo, n'kundimangirira ku mzati. Panabuka mtsutso woti aitane apolisi kapena adikire mwini kampani, ndipo unapambana ndi wa ku simenti, amene anati wakuba wovala nsapato zopolisha ayenera kuonedwa kaye ndi abwana. Mphepo ya ku Limbe ya m'mawa inalowa pong'ambika paja n'kuchita zofuna zake.

Woyamba kufika pageti, monga mwa nthawi zonse, anali amayi a tiyi.

"Iii! Mwana wanga! Abambo inu, ameneyu si wakuba, ndi uja amakonza ketulo!"

Anaponya chikwama pansi kuti andimasule, koma mfundo za alonda zinali za anthu odziwa. Anati akatenge mpeni kukhitchini. Polowa, mwachizolowezi, anaima pa kamakina kolembetsa nthawi yofika pa ntchito, kamene kali pakhoma pafupi ndi chitseko, n'kuikapo chala. Ndinali ndikuwaona bwinobwino kuchokera pamzati panga. Kamakinako kanalira mokana. Anapukuta chala pachitenje, n'kuikanso. Kanakana. Anachiuzira mpweya, kuchipaka pamphumi, kuikanso. Ndipo kuchokera m'kachipinda ka matsache ndinamva fani ikuyamba nyimbo yake.

A akauntanti anali atangolowa kumene pageti, fulasiki kukhwapa. Anayang'ana amayiwo, anayang'ana ine womangidwa, buluku lili pululu, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mwaonatu, achimwene. Mpaka kukumangitsani."

Atadula chingwe ndinathamangira ku laputopu dzanja limodzi litagwira buluku. Paketi yomaliza inali pomwepo, yochokera ku kamakina ka zala. Munthu akaika chala n'kudziwika, kamakinako kamangouza kompyuta ya ofesi ya antchito, m'kati momwemo, osadutsa pa getiwe. Koma chala chikakanika kangapo, kamayesa kutumiza lipoti ku seva ya opanga ake pa intaneti. Ndipo pa ofesi yonse, amene mizere ya zala zawo inafufutika ndi sopo, madzi otentha ndi sitiliwulu ndi munthu mmodzi yekha. Masiku amene chala chinalola msanga, intaneti inkakhala ndi moyo.

Tsono onani chimene chinali m'paketimo. Mutu wa TCP uli ndi ma byte 20 okhazikika, ndipo pambuyo pake pangabwere ena osapitirira 40 a zowonjezera, ma option. Kupatula ziwiri za byte imodzi, 0 ya mathero ndi 1 yongodzaza malo, iliyonse imayamba ndi byte yonena mtundu wake, kenako ina yonena kutalika kwake, kuwerengera ndi ma byte awiri oyambawo. MSS yabwinobwino imaoneka chonchi: 02 04 05 b4. Mtundu 2, kutalika 4, ndipo 05 b4 ndi 1460 uja m'kalembedwe ka makompyuta. SYN ya kamakinaka inayamba ndi 08 00. Mtundu 8 ndi wa chidindo cha nthawi, ndipo kutalika kwake kuyenera kukhala 10. Apa panalembedwa 0. Kamodyulo kathu kankawerenga mtundu, kakaona kuti si MSS kankalumpha ma byte ochuluka monga momwe paketiyo yanenera, n'kuwerenganso. Kuuzidwa kuti kalumphe 0, kanalumpha 0, kanapezanso 08 00, kanalumphanso 0, kuzungulira pamodzimodzi ngati mbuzi yapachikhomo.

Pulogalamu wamba ikachita zimenezi umangoipha, zina n'kumapitirira. Koma apa tinali m'kati mwa kernel, pamalo pamene mapaketi olowa amasamalidwa, ndipo palibe wamkulu wina woti abwere kudzaletsa. Mwina mufunsa kuti nanga Linux yokhayo sinaone bwanji. Imaona zimene zili zake. Paketi ikangolowa imayang'ana mutu wa IP, gawo la paketi lokhala ndi maadiresi a kochokera ndi kopita: kodi ndi mtundu 4, kodi mutuwo ukukwana ma byte 20, kodi checksum, nambala yoonera ngati china chasintha panjira, ikugwirizana, kodi kutalika kumene ikunena kulipodi. Yolephera imatayidwa n'kuwerengedwa, ndipo mawerengerowo ukhoza kuwaona pa netstat -s. Koma paketi yongodutsa kupita kwina, za m'mimba mwake za TCP kernel siizifufuza pamenepo. Amene wasankha kuzitsegula ndiye ayenera kusamala. Checksum yake inalinso yolondola, poti checksum imangotsimikiza kuti bodza lafika monga linanyamukira.

Chimene chinandipweteka kuposa mikwingwirima ya m'manja n'chakuti zonsezi anzathu anazikonza kalekale. Pamene kernel imawerenga ma option a TCP a iyo mwini, ikapeza kutalika kochepera 2 imasiya pomwepo, ikapeza kopitirira ma byte otsala imasiyanso. Gawo la iptables, chida cha Linux chosefera mapaketi, lotchedwa TCPMSS, limene limagwira ntchito yomweyo ya kamodyulo kathu, likakumana ndi 0 limasuntha byte imodzi kuti lisaime, ndipo pamzere umenewo analembapo chenjezo la nkhani yomweyi. Anaphunzira atapsa. Mu 2004 netfilter, sefa ya mapaketi ya m'kati mwa Linux 2.6, inapezeka ndi vuto la mtundu umenewu: kutalika kopitirira 127 kunkawerengedwa ngati nambala ya pansi pa 0, ndipo paketi imodzi inkazunguliritsa makina mpaka kalekale. Cha m'ma 1996 kunali ping of death, pamene zidutswa zikalumikizidwa zinkaposa malire a IP a ma byte 65,535 n'kugwetsa makompyuta a mitundu yambiri. Ngakhale mu 2019 Jonathan Looney wa ku Netflix anaonetsa kuti MSS yaing'ono ya 48 pamodzi ndi mapaketi a SACK (onena zidutswa zimene zafika) okonzedwa mwadala zinkatha kugwetsa Linux. Kwa ine, nambala iliyonse yolembedwa m'paketi ndi zonena za mlendo. Uiyerekeze ndi ma byte amene uli nawodi m'manja, ikapanda kugwirizana itaye, uwonjezere 1 pa mawerengero, upitirire. Osaimitsa makina onse chifukwa cha iyo, ndiponso osalemba uthenga pa paketi yoipa iliyonse, chifukwa wofuna kukuzunza angokutumizira mamiliyoni, disiki n'kudzaza.

Ndinadzutsa getiwe, kuchotsa kamodyuloko ndi rmmod, kukaletsa kuti kasadzukenso, n'kulemba mzere umodzi wa iptables wa TCPMSS wokhala ndi --clamp-mss-to-pmtu. Basi. Nthawi inali itadutsa hafu 7.

Kunatsala kuyesa, ndipo chida choyesera chinali chikuwiritsa madzi kukhitchini.

"Amayi, tabwerani mudzaikenso chala."

"Chikanatu, mwana wanga."

"N'chimene ndikufuna. Chikane."

Ofesi yonse inaunjikana pachitseko, alonda a usiku nawo anakana kuweruka. Amayiwo anaika chala, kamakina kanakana. Anaikanso, kanakana. Ine khutu lili ku kachipinda, maso pa laputopu: 08 00 inadutsa, inadutsanso, fani ili phee. A sekilitale anatsegula Facebook kuti atsimikize, inatseguka. A akauntanti anati mwina amayiwo angoibweza mphamvu chifukwa anthu achuluka.

Msonkhano wa ku London unayenda mpaka kumapeto, ine nditakhala kumbuyo kwa chitseko nditafunda chitenje chobwereka m'chiuno. Amayi a tiyi tinawapatsa nambala yachinsinsi yodina m'malo mwa chala, ndipo kamakinako ndinakatsekera njira yopita kunja. Lachisanu ndinapereka fomu yopempha ndalama ya buluku. A akauntanti anaibweza poti panalibe lisiti, koma chingwe chimene amayi anadula pondimasula anachilemba pa dzina langa, ndipo anachidula pa malipiro a mwezi womwewo.