Agogo akamadzikodzera, musawamane madzi

Abale anga kuno ku Salima, kunja kwatentha chonchi tiwaganizire agogo amene mkodzo umangowatuluka osadziwa. Ena mukuwamana madzi kuti asanyowetse mphasa. Chonde ayi! Madzi akachepa m'thupi, mkodzo umakhala wachikasu kwambiri ndipo umawotcha khungu.

Ukakhalitsa pathupi, m'mphechepeche ndi m'matako mumafiira, kenako khungu kusupuka, chilonda chake chovuta kupola. Akanyowa asintheni msanga, asambitseni ndi madzi ofunda, pukutani mongogunditsa nsalu osakhula, n'kupaka Vaseline. Mukayala pulasitiki pamphasa, pamwamba pake yalani chitenje chouma. Amene sadzuka, atembenuzeni maola 2 aliwonse.

Kuwakalipira pamaso pa zidzukulu kumandipweteka mtima, manyazi ali nawo kale. Agogo aamuna mkodzo ukamangodontha, pitani nawo kuchipatala cha boma, mwina ndi vuto la prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo.