Sitiroko ya kunkhongo: zimene tinakumana nazo muwodi sabata yatha

Sabata yathayi muwodi yathu ya abambo kuno ku Zomba tinalandira odwala sitiroko angapo, koma amene anatisowetsa tulo ndi bambo wina wachikulire wochokera cha ku Jali, amene anafika Lolemba masana atanyamulidwa ndi ana ake. Pakamwa pawo sipanapotoke ndipo panalibe mkono umene unafooka, monga mmene anthu ambiri amaidziwira sitiroko. Iwo anali ndi chizungulire choopsa, ankasanza, ankaona zinthu ziwiriziwiri ndipo lilime linkalemera polankhula, moti achibale ankaganiza kuti ndi malungo aakulu. Malungo sanapezeke, shuga anali bwino, koma BP inali itakwera kwambiri, ndipo nditawauza kuti atsatire chala changa ndinaona kuti maso awo sakuyendera limodzi.

Zizindikiro zotere zimaloza ku mtsempha wa basilar, umene umayambira pamene mitsempha iwiri yodutsa m'mafupa a khosi imakumana kunsi kwa ubongo, ndipo ndi umene umapereka magazi ku tsinde la ubongo, kumene kumayendetsedwa kupuma, kumeza ndi kayendedwe ka maso. Magazi akaundana n'kutseka pamenepa, odwala ambiri amamwalira kapena kulumala kotheratu ngati njirayo sitsegulidwa msanga.

Mankhwala osungunula magazi oundanawo amadziwika bwino. Alteplase amaperekedwa mamiligalamu 0.9 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, osapitirira mamiligalamu 90, gawo limodzi mwa magawo 10 nthawi imodzi ndipo otsalawo m'diripi kwa ola lathunthu, pamene tenecteplase ndi jakisoni mmodzi basi. Komabe malamulo ake ndi okhwima, chifukwa wodwala ayenera kuwalandira asanapitirire maola 4 ndi theka chiyambireni vutolo, makina a CT, ojambula m'kati mwa mutu, atsimikize kuti mu ubongo simukukha magazi, ndipo BP ikhale yosafika 185/110. Mu 2022 kafukufuku wa ATTENTION ndi wa BAOCHE, onse a ku China, anaonetsa kuti kukoka magazi oundanawo ndi kachubu kolowetsedwa mumtsempha kumathandiza ngakhale patapita maola 12 kapena 24, koma zimenezo zimafuna zipangizo ndi akatswiri amene ife sitili nawo pafupi.

N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa akazi awo linali lakuti, "Mayi, bambowa munawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji?" Iwo anati, "Dzulo madzulo titangodya nsima, adokotala. Anati mutu ukuzungulira, n'kukagona." Anzanga ena amadandaula kuti mankhwalawa ndi okwera mtengo ndipo sapezeka, zimene n'zoona, koma kwa bambo awa, ngakhale botolo likanakhala patebulo, sindikanalitsegula, popeza nthawi yake inathera kunyumba usiku, anthu akudikira kuti kuche apeze galimoto.

Chithunzi cha CT chitaonetsa kuti magazi sakukha, tinayamba kuwapatsa asipirini kudzera m'chubu cha m'mphuno, pakuti kumeza kunali kutakanika. Tinawayezanso HIV, poti kafukufuku wochitikira ku Blantyre amene anasindikizidwa mu 2016 anapeza kuti kachilomboka ndi kuthamanga kwa magazi ndizo zikuluzikulu zobweretsa sitiroko m'dziko muno.

Pofika Lachitatu manja ndi miyendo yonse inali itafa, mawu osatuluka, ndipo magadiyani ankati bambo akomoka. Namwino wa usiku ndiye anazindikira kuti akawatchula dzina, maso ankakwera m'mwamba. Tinapangana nawo kuti kukweza maso ndi "inde" ndipo kutsitsa ndi "ayi", ndipo nditawafunsa ngati akumva kupweteka kumsana, anakweza maso kawiri. Ndinaitana ana awo pakhonde n'kuwapempha kuti zokambirana za maliro ndi za minda asamazichitire pambali pa bedi, chifukwa bambo awo akumva mawu alionse. Ndinawaletsanso kuwamwetsa phala ndi sipuni, ngakhale amachita mwachikondi, popeza phalalo limalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo.

Pamsonkhano wa m'mawa Lachisanu tinagwirizana kuti aliyense wobwera ndi chizungulire chadzidzidzi pamodzi ndi kuona ziwiriziwiri kapena kulemera lilime asamaime pamzere, ndipo nthawi imene anaoneka ali bwino komaliza izilembedwa pamwamba penipeni m'buku lake la kuchipatala. Loweruka bambo aja anatentha thupi, tinayamba mankhwala a chibayo, ndipo anamwino akupitiriza kuwatembenuza maola 2 alionse kuti asachite zilonda.