Odi kuno, tatumidwa ndi mwana wanu

Bambo anga anagwira ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina ya mabwana a esiteti ya tiyi kuno ku Mulanje mpaka imvi zinawapeza komweko. Ife tinakula tikuwaona akubwera madzulo manja atalasidwalasidwa ndi minga ya marozi, m'thumba muli timitengo tomwe adulira tsikulo, toti akataye. Sankataya. Ankatizika kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa nanazi ndi nthochi, n'kumatithirira ndi madzi otsukira mbale. Amayi ankangoti, "Abambo ake, pamenepo bwenzi titadzala mpiru. Maluwa sadyedwa." Mawu amenewa ndawamva kosawerengeka, kwa achibale, kwa anzanga a banki mkhonde pamene ndinkakongola mpamba, ngakhale kwa makasitomala enieniwo. Ndipo sindiwatsutsa. Kwathu kuno mphatso ndi shuga, sopo, chitenje, nkhuku. Wokazonda matenda amanyamula thobwa kapena phala.

Bizinesi yathu yogulitsa ndi kukapereka maluwa inabadwa mu 2020, chaka cha mliri wa Covid-19. Ine ndinkagulitsa kaunjika pa Chitakale ndipo malonda anali ataima. Kuyenda kunali kovuta, moti abale athu ambiri a ku Joni sanathe kubwera kudzaona makolo. Msuweni wanga wa kumeneko ataona chithunzi cha marozi a bambo chimene ndinaika pa WhatsApp, anandiimbira foni. "Asuweni, pa 15 Okutobala mukandiperekere maluwa amenewo kwa amayi. Muonjezerepo shuga ndi chitenje." Ndalama anatumiza pa Mukuru. Pa Tsiku la Anakubala ndinakapereka, azakhali analulutira n'kuvina pang'ono pabwalo, ine ndinajambula kakanema n'kumutumizira. Kakanemako kanazungulira pakati pa Amalawi omwe ankakhala naye, ndipo sabata isanathe manambala achilendo a ku South Africa anayamba kulowa pa foni yanga.

Mmodzi mwa oimbawo anali mnyamata amene analeredwa ndi agogo ake cha ku Limbuli, makolo ake atamwalira iye ali wamng'ono. Anandipempha kuti ndisankhe maluwa okongola kuposa onse. Ndinasankha oyera okhaokha, ndinawakulunga bwino, ndinakwera kabaza. Nditafika ndinapeza agogowo ali pamkeka, akupeta nandolo. Ndinalowa pabwalo molunjika, maluwa ali patsogolo, ndili ndi chimwemwe. Atangokweza maso n'kuona mlendo wonyamula maluwa oyera, lichero linagwa, nandolo yense mbwee pansi. "Mayo ine! Mwana wanga uja watani?" Anayamba kulira maliro enieni, ndipo amayi a nyumba zoyandikana anayamba kutuluka akumanga zitenje m'chiuno.

M'moyo wawo wonse agogo aja maluwa odula anawaonapo malo amodzi basi: nkhata zoika pamanda. Komanso masiku amenewo uthenga wochokera ku Joni nthawi zambiri sunkakhala wabwino. Ndinagwada, ndikunjenjemera, ndikubwerezabwereza kuti mwana ali moyo, koma sanandimve mpaka nditamuimbira iyeyo n'kuwaika foni kukhutu. Atamva mawu ake anakhala chete nthawi yaitali, kenako anayamba kumukalipira mu Chilomwe, misozi ikutsikabe. Tinatola nandolo uja limodzi. Pobwerera mtima unandiwawa njira yonse, chifukwa ndinaliritsa nkhalamba imene ndinatumidwa kukaisangalatsa.

Kafikidwe kathu konse ka lero kanachokera pa tsiku limenelo. Kwa okalamba sitipita modzidzimutsa. Wotuma ayenera kuyamba wadziwitsa munthu wina wa pakhomopo. Maluwa oyera okhaokha sitipita nawo kumudzi pokhapokha ngati ndi ukwati kapena maliro, timasakanizamo ofiira, achikasu ndi masamba obiriwira. Tikafika, ndowa ya maluwa imatsala ndi wakabaza kumsewu. Timaodira, kulandira mpando kapena mkeka, kupereka moni mpaka athe, kenako timati, "Tatumidwa ndi mwana wanu uje. Ali bwino, akupereka moni." Mawu akuti ali bwino amabwera patsogolo pa china chilichonse. Kenako shuga, chitenje, ndipo maluwa amabwera pomaliza, operekedwa ndi manja awiri. Zimatidyera nthawi ndithu. Malo amodzi tikhoza kukhalapo theka la ola, ndipo ena amati n'chifukwa chake sitikula msanga. Ine sindingatume mnyamata kuti akangoponya maluwa pakhonde la mayi a munthu n'kuliza njinga.

Mbali ya munda ndi ya bambo, ndipo kumeneko sitiwatsutsa. Amadula dzuwa lisanatuluke, phiri likadali chimdima, pamene duwa lamwa usiku wonse. Rozi amalidula lisanamasule kwenikweni, kuti likamasulire kwa mwini wake. Likangodulidwa limalowa mu ndowa ya madzi pompo, osati kuliika pansi kaye. Pakhomo timadulanso phesi mopendeketsa, kusadza masamba onse omwe angamire chifukwa ndi amene amaoletsa madzi, n'kuthiramo kasupuni ka shuga ndi kadontho ka Jik. Ndowazo zimakhala m'chipinda chamdima maola angapo tisanamange mipukutu. Filiji ya maluwa tilibe, ndiye chipinda chimenecho tinachizira ndi simenti ndipo timathira madzi pansi kukatentha.

Pali maluwa ena amene anthu a ku Blantyre amawafunsa kwambiri, aakulu obulungira aja mumawaona m'mabwalo a nyumba za m'maesiteti, otchedwa hydrangea. Kuno amatuluka obiriwira ngati thambo chifukwa dothi lathu ndi la asidi, lomwelo limene tiyi amalikonda. Bambo amati duwa limeneli ndi tiyi ndi pachibale. Koma ndi lonyada, silichedwa kuweramitsa mutu. Likafota timalimiza lonse m'beseni la madzi, mutu womwe, ndipo pakapita kanthawi limadzuka.

Chovuta n'chakuti masiku amene anthu amafuna maluwa kwambiri ndi omwenso nyengo imalimbana nafe. Tsiku la Anakubala limagwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chitsime chitatsika. Mwezi wonse wa Seputembala timakhala ndi makeni m'manja m'mawa ndi madzulo, n'kuphimbira mizu ndi udzu. Patsikulo timanyamuka kusanache kuti ikamakwana 10 koloko tikhale titamaliza malo akutali. Pa 14 Febuluwale ndiye ndi pakati pa dzinja: masamba a rozi amachita mawanga akuda, maluwa amavunda asanamasule mvula ikachuluka, ndipo misewu ya fumbi yofiira ija imasanduka phala. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, nkhungu ndi kamvula kowaza zimakhala masiku angapo, masamba amayera ngati awazidwa ufa. Nthawi imeneyo ndi imene bambo amadulira, kuti mitengo iphukire bwino kukayamba kufunda.

Nanga kupeza nyumba? Kuno kulibe manambala a nyumba, ndipo mapu a pa foni amakusiya pakati pa munda wa tiyi. Otuma ambiri amatipatsa dzina la pa chitupa la mayi awo, koma m'mudzi palibe amene amalidziwa. Choncho timafunsa mudzi ndi mfumu yake, tchalitchi kapena mzikiti umene amapemphera, ndi dzina limene anzawo amawaitanira, kaya amake uje, kaya la mfunda. Malangizo abwino amamveka motere: mukatsike pa Nkando, mulowere kumanzere, mukadutse mjigo wachiwiri, mukafunse pa chigayo. Tili ndi anyamata awiri a kabaza ya njinga yamoto omwe takhala nawo kuyambira pachiyambi. Amadziwa kumanga ndowa kumbuyo, madzi ochepa pansi, pamwamba chitenje chonyowa, ndipo amadziwa kuti pa mabampu sathamanga. Timafika ku Chisitu, ku Likhubula, ku Luchenza, mpaka ku Muloza ngati msewu uli bwino. Kuchipatala, kaya cha boma kaya cha Mulanje Mission, timayamba tapempha anamwino, ndipo akakana maluwa timawasiya ndi wodikirira wodwala panja.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsa pansi. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata, madzi ochokera m'phiri anabwera ndi miyala ndi mitengo, misewu ndi milatho inaduka. Theka la munda wathu, mbali ya kumunsi kufupi ndi khwawa, linakokoloka ndi marozi amene bambo anawasamalira kuyambira tili ana. Koma za munda sindingazinene mokweza, chifukwa anthu mazanamazana anataya miyoyo, ndipo ena mpaka lero sanapezeke. Masabata amenewo foni inkalirabe ndi manambala omwe aja a ku Joni, ku Lilongwe, ku Mzuzu, koma palibe ankafunsa maluwa. Ankati, "Mayi, foni ya kwathu sikugwira. Inu mumadziwa nyumba, mungakationereko?" Kumene kunkapitika, anyamata athu anapita, kwina wapansi. Ananyamula ufa, mchere ndi mapepala apulasitiki ofolera m'malo mwa maluwa, n'kubwera ndi mawu. Ena mwa mawuwo anali olemera kuwanena pa foni, ndipo ndinkayamba ndapemphera ndisanaimbe.

Tinadzalanso, ulendo uno kumtunda, titakumba ngalande ndi kudzala udzu wa vetiva m'mizere. Tisanapume, mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Maliboni, mapepala onyezimira ndi siponji yobiriwira yobayapo maluwa, zimene tinkapikula ku Limbe, zinakwera moti mpukutu ukanadula kuposa shuga ndi chitenje zomwe. Apa ndi pamene amayi, omwe aja a maluwa sadyedwa, analowerera. Anatenga makoko ouma a nthochi n'kuwapota kukhala chingwe chomangira, ndipo anapangana ndi abambo ena oluka madengu kuti azitilukira timadengu ting'onoting'ono. M'kadengumo timaikamo botolo la madzi la maluwa, paketi ya tiyi wa kuno, nanazi mmodzi kapena mapeyala ngati ndi nyengo yake. Makasitomala a m'tauni anakonda zimenezi kuposa pulasitiki uja. Pano amayi ndi amene amasunga kope la maoda, ndipo palibe oda imalembedwa ndalama isanalowe pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa tinalumidwapo kokwanira ndi anthu a mawa ndikupatsani.

Nkhata za maliro timamanga, ndipo ndi zimene zimatigwira dzanja miyezi yopanda zikondwerero. Ambiri amagula zapulasitiki chifukwa ndi zotsika mtengo ndipo sizifota, ndipo sindiwaweruza, maliro amadya ndalama zambiri kale. Koma mukadutsa pamanda pakatha chaka mumapeza mawaya adzimbiri ndi zipepala zosuluka zitamwazika, pamene nkhata ya masamba a mkungudza wa m'mipanda ndi maluwa enieni imabwerera kudothi mwakachetechete. Maukwati ndi zinkhoswe timakongoletsanso, ngakhale kuti ntchito yake ndi yotopetsa ndipo makomiti amachedwa kulipira. Tikuganiza zochepetsako mbali imeneyo.

Pali maoda amene timakana, ngakhale ndalama ikhale yochuluka bwanji. Nthawi ya Valentine amabwera abambo ena oti tikapereke maluwa kwa mayi wakutiwakuti koma tisatchule wotuma, kapena tikasiye pa geti ya sukulu ya sekondale kwa mtsikana wa fomu 3. Ayi. Ngati dzina lanu silingatchulidwe pabwalo la munthuyo pamaso pa abale ake, ife sitinyamula. Dera lathu ndi laling'ono, njinga zathu aliyense amazidziwa, ndipo ndikufuna kuti zikaima pakhomo anthu azituluka mosakayika. Koma amabweranso ena amene amandisangalatsa mtima: bambo wothyola tiyi amene anasunga ndalama kuti agule rozi limodzi la mkazi wake atabereka, n'kundinong'oneza kuti ndilikulunge m'nyuzipepala kuti anzake asamuone nalo panjira. Ndinamukulungira, ndinaonjezerapo lachiwiri.

Amayi ambiri akalandira amafunsa kuti nanga akafota nditani. Chifukwa cha funso limenelo bambo anayamba nazale, moti tsopano amene akufuna timamuonjezera kamtengo ka rozi kogwira kale m'chubu, kuti akadzale pakhomo. Timawauza kuti akaike manyowa oola bwino, pamalo pofika dzuwa la m'mawa, ndipo atchingire mbuzi.

Agogo a ku Limbuli aja timapitako chaka ndi chaka, ndipo kumeneko ndimapita ndekha, situma munthu. Mdzukulu wawo sanaphonyepo Okutobala ngakhale mmodzi. Ulendo wathawu ndinawapeza atakhala kale pakhonde, atavala chitenje cha chaka chinacho, pambali pawo pali botolo la Sobo lotsukidwa bwino, madzi ali kale m'kati. Tinapatsana moni, ndinanena mawu anga a nthawi zonse kuti mwana ali bwino. Analandira maluwa, anawaika m'botolo limodzilimodzi osafulumira, kenako anandigwira pamkono.

"Mwanawe, maluwa ndawaona. Koma ukamufunse, iyeyo abwera liti?"

Ndinamuimbira ndili pa njinga pobwerera, n'kumuuza monga momwe ananenera. Anakhala chete, kenako anati akuyesetsa za Disembala.