Kuchoka pa Chileka mpaka London ndi makilomita angati?

Kuno ku Zomba mwana akamaliza pa Chanco n'kupeza mwayi wa sukulu ku UK, funso loyamba la makolo limakhala lomweli, kodi ku London n'kutali bwanji pa ndege? Mukati muyeze molunjika kuchoka pa Chileka ndi makilomita pafupifupi 8,200. Koma abale anga palibe amene amayenda mtunda umenewowo, chifukwa pakadali pano kulibe ndege yonyamuka kuno kwathu n'kukatera ku London osaima pena. Kutalika kwa ulendo kumadalira njira imene mwagulira tikiti basi.

Mukadzera ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines ndiye mukulowera kumpoto komwe mukupitako. Chileka mpaka Addis ndi makilomita pafupifupi 2,800, kenako Addis mpaka London pafupifupi 5,900, maola ngati 8 muli m'mwamba. Zonse pamodzi zikufika cha m'ma 8,700, simunakhote kwambiri.

Njira ya Joni ndi imene ndimafuna anthu aziimvetsa bwino asanalipire. Mumayamba mwatsikira kumwera maola awiri, kufulatira London yemweyo, ndiye pa OR Tambo mukwere ina yoti ikayende makilomita opitirira 9,000 kwa maola pafupifupi 11, kubwereranso kumpoto. Mukaphatikiza zikudutsa 10,000, kusiyana ndi ya Addis ndi makilomita oposa 1,500. Ine sindikuti njirayi ndi yoipa ayi, nthawi zina tikiti yake imatsikako mtengo, komanso ena ali ndi abale ku Joni ofuna kuwaona. Koma ngati amene akuyenda ndi agogo oti akukaona zidzukulu, miyendo imatupa akakhalitsa pampando, Chingerezi n'chochepa, ndiye muwagulire ulendo wautali chonchi chifukwa chopulumutsa kangachepe, ine zimandiwawa mumtima ndithu.

Chinanso chimene mapu sakuuzani ndi kudikira. Pa tikiti pamalembedwa nthawi yofika ndi yonyamuka pa eyapoti yapakatiyo, werengani maola amenewo musanagule, chifukwa munthu atha kukhala pa benchi theka la tsiku ali ndi kachikwama pamiyendo, madzi akumwa ogula ndi madola. Onjezaniponso ulendo wathu wa kunowu, kulawirira pa depoti ya Zomba, minibasi idzadze kaye, kudutsa Namadzi ndi Njuli mpaka Limbe, kenako kupeza galimoto yokafika pa Chileka maola atatu ndege isananyamuke. Kuyambira pakhomo mpaka pakhomo tsiku lathunthu limatha ndithu.

Achikulire amakumbuka kuti m'ma 1970 Air Malawi inali ndi ndege yake ya VC10 imene inkafika ku London Gatwick, ndipo ine ndimalakalaka titadzaonanso zoterezi, munthu kukwera kwanu n'kukatsika komwe ukupita osasintha ndege.

Kwa otsala kunyumba, musayambe kuda nkhawa foni ikachedwa kulira. Mwanayo akatera amayamba waima pamzere wa pasipoti, adikire katundu, apeze netiweki. Ndipo London ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri nthawi yawo yozizira, ola limodzi nthawi yawo yotentha, Addis ili kutsogolo ndi ola limodzi, ndiye nthawi zolembedwa pa tikitizo ndi za kumaloko osati za pa wotchi yanu ya ku Matawale.