Ndinkafuna liwiro, laputopu inandionetsa 8

Galimoto yanga ndi Subaru Forester ya 2003, ya turbo, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ndinaigula kwa munthu wina muno mu Blantyre itadya kale fumbi lathu kwa zaka zingapo. Chomwe chinandikokera ku kompyuta ya injini, imene amakaniko amangoti ECU, ndisaname, chinali dyera la liwiro. Ndinamva kuti turbo mukhoza kuiuza kuti izipopa mpweya wochuluka pongosintha manambala pa laputopu, popanda kumasula bawuti ngakhale imodzi. Mtima unangoti phaa.

Msuweni wanga wa ku Joni anandibweretsera kachingwe kotchedwa Tactrix OpenPort 2.0. Mbali imodzi kamalowa pa laputopu, inayo pa soketi ya mabowo 16 yomwe ili pansi pa chiwongolero, ija amati OBD. Mapulogalamu ake ndi awiri ndipo ndi aulere: EcuFlash wokopera ndi kulemba zomwe zili mu ECU, ndi RomRaider wosinthira manambala komanso wojambula zomwe injini ikuchita galimoto ikuyenda. Tsiku loyamba ndinakopera fayilo yoyambirira ya ECU n'kuisunga malo atatu, pa laputopu, pa fulashi, ndi pa imelo. Chimenecho chokha ndiye ndinachita mwanzeru sabata imeneyo.

Nditatsegula fayiloyo ndinapeza matebulo ankhaninkhani. Chopingasa kuli kulemera kwa ntchito ya injini, komwe Subaru amayeza ndi magalamu a mpweya wolowa pa kuzungulira kumodzi, ndipo chotsika kuli rpm, kuchuluka kwa maulendo amene injini imazungulira pa mphindi imodzi. M'kabokosi kalikonse muli lamulo: pano thira mafuta ochuluka chonchi, pano yatsa pulagi nthawi yakuti. Ndinakhala maola awiri ndikungoyang'ana ngati mwana wa Sitandade 1 amupatsa nyuzipepala. Tebulo lomwe ndinkalisaka, la wastegate, ndinalipeza msanga. Wastegate ndi kachitseko kamene kamapatutsa utsi kuti usadutse wonse pa turbo; kakachedwa kutseguka, boost, kutanthauza kupanikizika kwa mpweya umene turbo ikupopera mu injini, imakwera. Chala chinayabwa. Koma onse amene analemba za ntchitoyi ankabwereza chinthu chimodzi, kuti jambula kaye, usanasinthe kanthu. Ndinamvera monyinyirika.

Ndiye ndinaika laputopu pampando wakutsogolo, kuimanga ndi lamba ngati mlendo, n'kuyenda nayo masiku angapo. Apa ndi pomwe ndinakumana ndi 8 uja.

ECU ya Subaru za zaka zimenezi ili ndi nambala yotchedwa IAM, yoyambira 0 kufika 16. Mwachidule, imasonyeza kuti kompyuta ikuyakhulupirira bwanji mafuta ndi injini yake. Ikakhala pa 16 ndiye kuti zonse zili bwino, ikupereka timing yonse imene fakitale inalola, kutanthauza kuti ikuyatsa pulagi msanga mpaka pamene fakitale inaloleza. Ikamatsika ndiye kuti yamva kugogoda mobwerezabwereza ndipo yabwerera m'mbuyo podziteteza. Mukachotsa batire imayambira pakati, pa 8, n'kumakwera yokha. Ine batire sindinaikhudze kwa miyezi, koma nambala inali pa 8, tsiku lina kukwera pang'ono, mawa kugwanso. Galimoto yomwe ndinkafuna kuionjezera mphamvu inali ikukana ngakhale mphamvu yomwe inabadwa nayo.

Kugogodaku kunanditengera nthawi kuti ndikumvetse, ndipo ndi pamene phunziro lenileni linagona. Pulagi simayaka pisitoni itafika pamwamba penipeni, imayaka isanafike, chifukwa moto umafuna kanthawi kuti ufalikire. Kutsogolako amakuyeza m'madigiri. Mukatsogoza bwino, mphamvu imachuluka. Mukapitiriza, kapena mpweya ukatentha kwambiri, kapena turbo ikapanikiza kwambiri, petulo yemwe moto sunamufikire m'mbali mwa silinda amangophulika yekha. M'malo mokankha pisitoni bwinobwino, amaimenya ngati nyundo. Kukakula kumamveka ngati timisomali tikugubuduzika m'chitini, koma nthawi zambiri khutu silimva kanthu. Imamva ndi sensa yomangidwa pa buloko. Injini za Subaru zotchedwa EJ, ngati ya galimoto yangayi, zimadziwika kuti zikagogoda nthawi yaitali, kamphepete ka pisitoni pakati pa maring'i kamathyoka. Zikatero palibenso za laputopu, injini itsike basi.

Nanga yanga inkagogoderanji? Yankho loyamba linali mafuta. Kale ndinkaganiza kuti octane ndi mphamvu ya petulo. Ayi ndithu, ndi kupirira kwake, kuti angapanikizidwe mpaka pati asanaphulike yekha. Ku Japan galimoto za turbo ngati iyi zinapangidwira petulo wawo wapamwamba, amene octane yake imayandikira 100. Kuno mukafika pa filing'i siteshoni simusankha, petulo ndi mmodzi yemweyo wothira mu kabaza, mu minibasi ndi mu Forester. Galimotoyo inawoloka nyanja, koma manambala a m'mutu mwake anatsala ku Japan.

Chachiwiri ndi kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta. Kuti petulo apse yense pamafunika magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, poyeza kulemera. Mukamayenda pang'onopang'ono ECU imasunga muyezo umenewu pomvera sensa ya mu ekisozi, n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mafuta pang'ono. Zosinthazo ndi zomwe amati fuel trim. Mukaponda mpaka pansi, boost n'kubwera, imasiya kumvera sensa n'kumangotsatira tebulo, ndipo imathira mafuta ochuluka dala, cha m'ma 11 pa 1, kuti otsalawo aziziritse silinda. Apa ndinadabwa: mafuta amene ndinkati akuwonongeka ndi amene amasunga pisitoni. Poti sensa ya fakitale siidalirika boost ikakwera, ndinagula ina yoyeza bwino ngakhale mafuta atachuluka, yotchedwa wideband, n'kukawotcheretsa malo ake pa paipi ya ekisozi, kuseri kwa turbo.

Tsopano ndinene za manyazi anga. Zojambula zinkaonetsa kuti injini ikangolira galimoto itaima, ECU inkawonjezera mafuta kupitirira 15 peresenti, pomwe anthu odziwa amafuna zisapitirire 5. Ndinawerenga kuti zikatero tebulo la sensa yoyeza mpweya wolowa, MAF, limafuna kukonzedwa. Ndinatha masabata atatu ndikuchita masamu usiku, kusintha, kulemba mu ECU, kuyenda, kujambula, kusinthanso. Lero zioneke bwino, mawa zisokonekere. Ndinafika poganiza kuti kachingwe kaja n'kachinyengo.

Loweruka lina ndinapita ku Ndirande kukasinthitsa oyilo kwa madala ena amene akhala akukonza galimoto kuyambira nthawi ya ma carburettor. Ndinawafotokozera mavuto anga monyadira ndithu, laputopu ili m'manja. Anamvetsera osandidula, kenako anati, "Achimwene, lizani injiniyo." Anatenga chitini cha sipuleyi yotsukira carburettor, kuweramira pansi pa manifold, mapaipi aja ogawira mpweya ku masilinda, n'kupopera pang'ono pa paipi yakuda yopita ku turbo. Kulira kwa injini kunasintha nthawi yomweyo. Anapoperanso, kunasinthanso. Atalowetsa dzanja n'kuipinda paipiyo, mng'alu unayasama, wautali ngati chala changa chaching'ono, m'mbali mwake muli oyilo wosakanikirana ndi fumbi.

"Kompyuta yanuyo sikunama," anatero akupukuta m'manja. "Ikukuuzani kuti pali mpweya wolowera pawindo. Inu mwakhala mukukangana ndi mlonda wa pakhomo."

Ndinangoti, "Madala, mwandivula."

Mpweya wolowera pamng'alupo sunkadutsa pa MAF, choncho ECU sinkauwerenga, mafuta n'kumachepa. Ine m'malo motseka bowo ndinali kuphunzitsa kompyuta kukhala nalo. Choopsa kwambiri, mpweya umenewo sunkadutsanso pa fyuluta, kutanthauza kuti fumbi la msewu linkapita ku turbo mwachindunji. Titasintha paipi, ndinabwezera tebulo la MAF la fakitale kuchokera mu fayilo ija ndinasunga malo atatu, ndipo fuel trim inabwerera pafupi ndi ziro. Masabata atatu a masamu anathera pomwepo.

Kulemba mu ECU nakonso kuli ndi mwambo wake woti sindinauzolowerebe. Pansi pa dashibodi pali timapulagi tiwiri tobiriwira tomwe mumalumikiza kaye. Mukatsegula kiyi, mafani amayamba kuyaka ndi kuzima okha, tizinthu tikuti tcha tcha tcha mu boneti, ngati galimoto yagwidwa ndi mizimu. Kenako kamzere kamayenda pa laputopu. Pa kanthawi kameneko moto ukadukiza, ECU ikhoza kusanduka njerwa, galimoto osaliranso. Tsiku lina magetsi anathima kamzere kali pakati, laputopu ndi tchaja ya batire zonse zili kukhoma. Batire ya laputopu inagwira, ya galimoto nayonso inagwira, ntchito inatha bwino, koma ndinatuluka m'galimotomo malaya atanyowa. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndaona kuti zonse zadzaza, ndipo ana ndimawauza kuti akasewere kuseri.

Paipi itakonzedwa, IAM inakwera koma sinakhazikike pa 16. Zojambula za mu giya yachitatu, kuponda kuchokera 2500 mpaka cha m'ma 6000 rpm, zinkaonetsa ECU ikubweza timing pamalo amodzimodzi, pakati pa 3000 ndi 4000, pomwe boost imafika mwamphamvu. Pano ndivomereze kuti kuyesa kotere pamsewu wa aliyense sikwabwino. Ena amachitira pa makina oyezera mphamvu otchedwa dyno, galimoto itamangidwa malo amodzi. Ine ndinkadzuka mbandakucha kusaka msewu wopanda anthu, mnzanga atagwira laputopu, ndipo ngakhale pamenepo mtima sunkakhala m'malo, poti wanjinga kapena mbuzi sizipangana ndi munthu.

Kusintha kwanga koyamba kwenikweni kunali kuchotsa. Ndinachotsa madigiri awiri a timing m'timabokosi ta dera limenelo, n'kusalaza toyandikana nato kuti pasakhale chitsime. Chinthu chimodzi chokha, kenako kujambula, kenako kudikira. Patatha masiku anayi IAM inafika 16 n'kukhala pomwepo. Chodabwitsa, galimoto inayamba kukoka bwino kuposa kale. Poyamba ndinati ndi maganizo chabe, koma zili ndi chifukwa: IAM ikatsika imadula timing m'dera lonse la tebulo, osati pokhapo pamene pagogoda. Nditapereka madigiri awiri pamalo amodzi, ECU inandibwezera ena ambiri kwina konse.

Pali chinthu china chomwe zolemba za kunja sizinandikonzekeretse, nacho ndi malo athu. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1000, kumene mpweya ndi wopepukirapo. Mukatsika zitunda za Thabwa kulowa ku Chikwawa, pasanathe ola muli m'chigwa cha Shire, mpweya wolemera komanso wotentha, ndipo mu Okutobala kumeneko kumatha kudutsa madigiri 40. Intercooler ya Forester, yomwe imaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, ili pamwamba pa injini, imadalira mphepo yolowera pa kabowo ka pa boneti. Mukaima pa rodibuloko mphindi zisanu imatentha moti simungaikhudze, ndipo kuponda koyamba mukanyamuka ndi kumene injini imagogoda mosavuta. Zojambula zanga zonse zabwino ndinazitenga mu Juni ndi Julayi, m'mamawa, chiperoni chikuwaza. Sizikundiuza kanthu za masana a ku Nchalo.

Tebulo la wastegate lija silinakhudzidwebe. Madala aja akuti tiyambe taona pampu ya petulo, yomwe mwina ndi yomweyo inabwera ndi galimoto mu 2003, ndipo nanenso ndaona kuti pa rpm yapamwamba ma injector, timipopi tothira petulo mu injini, akutseguka kale kupitirira 80 peresenti ya nthawi, malo otsala ndi ochepa. Pampu ndaitanitsa. Mu Okutobala ndili ndi ulendo wa ku ukwati ku Nsanje, ndipo mnzanga uja wavomera kale kukhala kutsogolo ndi laputopu pamiyendo, bola ndimugulire Fanta wozizira pa Dyeratu.