Makina Akale a Mayi Ayambanso Kusoka

Abale ndi anansi, ndafuna ndikudziwitseni kuti makina opalasa ndi mapazi a Singer amene mayi anga anatisiyira ayambanso kugwira ntchito, atakhala zaka zambiri pakona m'nyumba yathu kuno ku Mangochi. Chinyezi cha kunyanja chinali chitawachititsa dzimbiri, koma titawapukuta, kuwathira mafuta ake ndi kusintha lamba amene anali atauma, gudumu linazungulira bwinobwino. Ndikuti mafuta ake chifukwa ena amathira mafuta ophikira, amene pakapita nthawi amamata n'kulimbitsa zitsulo.

Ntchito yoyamba inali chofunda chazigamba chimene agogo analumikiza kuchokera ku zitenje zakutha. Pamene nsalu zinayi zakumana m'mphepete, singano ya nambala 14 inathyoka kawiri, mpaka ndinaika ya nambala 18, ndinatalikitsa msoko, ndipo pokwera pamfundopo ndinkazunguza gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono m'malo mopalasa. Zitenje zina zinali zitafwifwa moti ndinayamba ndaika nsalu yatsopano kunsi kuti ulusi upeze pogwira.

Kampani ya Singer inayamba mu 1851 ku America, ndipo makina ake akale ndi achitsulo mkati monse, n'chifukwa chake amaboola jinzi popanda kudandaula. Komabe ndikuona kuti anthu amawatamanda mopitirira, pakuti anapangidwira zovala zapakhomo. Lona wokhuthala amene msodzi wina wa ku Makawa anabweretsa ndinamubweza. Mawa ndikusoka mipendero ya mabulangete awiri pakhonde, kaya magetsi ayake kaya azime.