Tsiku limene ndinakathandiza osauka ku Indiana

Ndinapita ku America kukalera mdzukulu, ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi alipo ambiri ndithu. Ine ndine mayi wa Mvano, ndipo maso a Mvano sapita kutchuthi.

Kuseri kwa tchalitchi chimene mwana wanga amapempherako kunaima chigalimoto chachitali, makatani otseka. Tsiku lina ndikuyenda ndi khanda kumbuyo, ndinaona agogo achizungu, mutu wonse mbuu, akuyanika thaulo pakachingwe pambali pa chigalimotocho. Amuna awo anali pamakwerero akukhoma denga la holo ya tchalitchi, dzuwa likuswa mtengo. Munthu wopitirira zaka 70!

Chizungu changa n'cha Sitandade 8, koma chimafika. Ndinawafunsa kumene amakhala. Analoza galimoto. Nanga nyumba? Anagulitsa. Ana? Alipo atatu, onse pantchito ku Ohio. Nanga denga limenelo akuwalipira zingati? Ayi salipidwa, tchalitchi chimangowapatsa poimika galimoto, madzi ndi magetsi. Zonsezi ankayankha akumwetulira, ine n'kudziwiratu kuti uku n'kumwetulira kobisa manyazi.

Usiku umenewo tulo sindinatione. Ana atatu apantchito, makolo n'kumagona m'galimoto, n'kumagwira ganyu wa madzi akumwa! Mwana wanga sindinamuuze, chifukwa yankho lake ndimalidziwa: "Amayi, kuno sitilowerera za eni." Ndinangotumiza uthenga wa mawu pagulu la WhatsApp la amayi achimalawi. Ndinaulankhula mwaluso, mwina mopitirira pang'ono, pakuti ndinangoti "m'galimoto" osatchula kukula kwake. Pofika Lachisanu tinali ndi bulangete, majuzi awiri ndi envulopu yonenepa bwino. Mayi wina anachita kupempha nambala ya anawo kuti awalankhule yekha.

Loweruka ndinamanga duku loyera, ndinaphika nsima ndi nkhuku, amayi awiri n'kudzanditenga. Titangokhota pakona, amene ankayendetsa uja anaponda buleki.

"Amayi, galimoto yake ndi imeneyi?"

"Imeneyo, mwanawe. Taona chisoni chake."

"Amayi, bwererani! Iyi ndi motorhome!"

Mawuwa anandipeza nditatsika kale, mbale m'manja, ndikuodira pakhomo.

Agogo aja anatilowetsa mwansangala. Poona kuti tachuluka, anadina kabatani pakhoma, khoma lonse n'kuyamba kuyenda kupita panja, sofa ali pomwepo. Ndinakuwa dzina la Yesu, msuzi wa nkhuku n'kutayikira pakapeti. Mtima utakhala pansi ndinayamba kuona bwino: firiji yaitali kuposa ine, uvuni, TV, bafa la madzi otentha, bedi lalikulu loyalidwa bwino, kamphepo kozizira kakutsika kudenga. Pafiriji panali zithunzi za ana atatu oipa mtima aja, atakumbatira makolo awo kunyanja.

Munthu wanzeru akanangosiya nsima n'kutsanzika. Koma mawu ndinali nditawakonza usiku wonse, ndipo anatuluka okha. Ndinagwada, ndinapereka bulangete ndi manja awiri, n'kuwauza kuti Mulungu sataya anthu ake ngakhale ana atawataya. Anzanga aja, wina ankayang'ana kudenga, wina anadziphimba kumaso ndi chikwama.

Bambo aja anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anavula magalasi, mapewa akugwedezeka, n'kuseka mpaka kutsokomola, akazi awo akuwamenya pamsana nawonso misozi ili chuchuchu.

Atapezako mpweya anatifotokozera. Iwo anali amisiri a zamagetsi, mayi anali aphunzitsi, ndipo penshoni amalandira onse awiri. Nyumba anaigulitsa dala kuti azizungulira dziko lawo akukonza matchalitchi, makampu a ana ndi nyumba za anthu ovutika. Okalamba otere alipo ambiri ndipo ali ndi magulu awo: a Methodist ali ndi lawo lotchedwa NOMADS, palinso lina la SOWERS. Pamalo amodzi amakhalapo masabata atatu, akugwira ntchito Lolemba mpaka Lachinayi, m'mawa uliwonse kuyamba ndi mapemphero. Chisanu chikayandikira amamangirira kagalimoto kakang'ono kumbuyo, ulendo wa ku Texas kapena ku Florida kofunda. Magalimoto ambiri a mtunduwu amapangidwa ku Elkhart, pafupi pomwepo ndi South Bend. Mtengo wa yawoyo atandinong'oneza mnzanga, ndinawerengera m'makwacha ndipo ndinaona nyumba ya mpanda ku Namiwawa ikuyenda pamatayala.

Nsima anadya ndi foloko, n'kuyamikira. Envulopu anaikana mwaulemu. Koma mayi aja anandigwira dzanja n'kunena kuti munthu wa mtima wotere asawonongeke, Lolemba ndibwere. Ndinapitadi, anandipatsa bulashi ya penti. Pofika 11 koloko msana wanga unali utatha, ndili pampando ndikumwa madzi awo ozizira, agogo ondimvetsa chisoni aja ali pamakwerero akuimba nyimbo.

Mwana wanga anazimvera pa WhatsApp, ndipo mkamwini mpaka lero akandiona amathawira kukhitchini kukaseka. Chatsala n'kubweza ndalama za eni. M'kope mwanga ndinalemba kuti mayi wofuna nambala uja anapereka madola 20. Iye akuti anali 50.